Mkaka umene ndinaukwirira kuseri kwa khola

Mwana wa mng'ono wanga anafika pakhomo panga ali ndi miyezi inayi, ndipo ndinayamba kumva kulira kwake ndisanawaone. Zinali zaka zija nkhondo itakolera ku Mozambiki, anthu akuwoloka tsiku ndi tsiku kulowa m'boma la Nsanje, ena ndi mbuzi, ena ndi mphika umodzi, ambiri chimanjamanja. Mng'ono wangayo anali mwana wa bambo anga aang'ono, amene anatsalira tsidya lija pamene bambo anga ankasamukira kuno ine ndisanabadwe. Tinali titaonanapo kawiri kokha, pamaliro. Anadutsa m'madambo a kwa Nyachikadza pa bwato la munthu wina wachifundo, n'kuyenda masiku angapo akufunsa nyumba yanga. Mwamuna wake anali atatengedwa ndi anthu amfuti kuti akawasenzere katundu, ndipo sanabwerenso.

Ankanditchula kuti mana, mmene anthu a kumeneko amatchulira mkulu wawo. Atakhala pamkeka anavundukula chifuwa n'kundionetsa. Mawere anali atauma gwa, mwana ankangokoka chikopa. "Mana, mkaka nkhabe," anatero, kutanthauza kuti mulibe. Zimene anakumana nazo m'njira sanandiuze tsiku limenelo.

Ine ndinali mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo ndisaname, ndinkadzimva. M'mudzi monse mkazi wodziwa Chingerezi ndinali ine ndekha. Anthu ankabwera ndi makalata a ku Joni kuti ndiwawerengere, ankabwera ndi mabotolo a mankhwala kuti ndiwauze kamwedwe kake. Pakamwa panga panalinso pakuthwa, ndipo mpaka lero sipanabunthe. Ndikanena chinthu pakhomo panga, chinkakhala chomwecho.

Amuna anga anali mlangizi wa thonje, munthu wofatsa, wokonda makina ndi wailesi. Anali ndi kawailesi kamabatire kogwira mayiko akutali. Masiku amenewo a chipani chimodzi, kumvera za kunja sichinali chinthu chochitira pakhonde. Ankamvera masana akabwera kudzadya, chitseko chili chotseka, khutu ataligunditsa pa wailesi, thukuta lili kamukamu. Kumeneko n'kumene anamva za magetsi a nyukiliya, ndipo kwa zaka zingapo ananditopetsa nazo. Mawaya a magetsi ankadutsa pamwamba pa minda yathu kupita ku minda ya nzimbe, ife tikuyatsa koloboyi, ndiye iwo ankaloza mawayawo n'kumati, "Amayi, kunjaku kuli anthu akupanga magetsi ndi mwala. Kamwala kochepa ngati chala changachi kamatentha kuposa ngolo zambirimbiri za nkhuni, utsi osatuluka. Phulusa lake amatha kuliphikanso n'kulisonkhezera kachiwiri." Ine ndinkawayankha kuti kugwiritsa ntchito phulusa kawiri si nzeru yachilendo, amayi anga ankacheza chidulo tsiku lililonse popanda wowatchula pa wailesi. Ankaseka, kenako n'kuwonjezera kuti chotsalira chenicheni ndicho choopsa, amachitsekera kutali kuti munthu asachiyandikire mpaka adzukulu a adzukulu.

Tsiku lina anatuluka kuchipinda nkhope itagwa. Malo amodzi opangira magetsi otere anali ataphulika m'dziko lina lozizira. Fumbi losaoneka ndi maso linakwera ndi mphepo, n'kugwa ndi mvula pa msipu wa mayiko ambiri. Ng'ombe zinadya msipuwo, ndipo alimi ankakhuthulira mkaka pansi. Patapita miyezi anamvanso kuti mayiko ena osauka akukana mkaka waufa, poukayikira kuti wachokera ku ng'ombe zomwezo. Tinapukusa mitu, tinadya, iwo anabwerera ku minda ya thonje. Zinali za kutali, ndipo ndinaziiwala.

Ndinazikumbukira pamene ndinaperekeza mng'ono wanga kusikelo, m'mawa wa tsiku lotsatira kufika kwake. Anamulemba, mwana anamupima pa sikelo yopachika pamtengo, anamupatsa khadi. Kenako mayi wina wothandiza pachipatalapo anatunga mkaka waufa m'thumba lalikulu lapepala n'kutithirira m'kathumba kapulasitiki, natiuza kuti tizibwera Lachiwiri lililonse. Amayi enawo anangolandira n'kuthokoza. Ine, poti ndine wowerenga, ndinawerama kuti ndione thumbalo. Panali mawu a Chingerezi onena kuti ndi mphatso, ndiponso mizere ina ya chinenero chimene sindinachionepo. Thumbalo linachokera kumayiko ozizira, basi, ndi chokhacho chimene ndinatolapo. Mtima wanga unangoti phwii.

Titafika ndinamulanda kathumbako m'manja. Ndinamufotokozera mmene ndikanathera, m'Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, kuti kutali kunapsa moto woipa, ndipo mkaka uwu mwina uli ndi chiphe cha motowo. Iye anamvetsera mpaka ndinatha. Kenako anachita zimene munthu aliyense wa m'chigwa muno akanachita. Kwathu kuno ukapatsa munthu chakumwa umayamba walawa wekha iye akuona, kuti adziwe kuti mulibe kanthu. Anatenganso kathumbako, anasungunula supuni ziwiri m'kapu, n'kumwa yekha mpaka kutha, maso ali pa ine. Anasungunulanso wina n'kuthirira kagalu kathu m'phale. Anadikira masiku atatu, mwana akumumwetsa madzi a phala. Tsiku lachinayi anandikokera kuseri kumene kagalu kankalimbana ndi chikopa cha mbuzi. "Mana, onani galu. Onani ine. Palibe chachitika."

"Iwe, zimenezo n'zaufiti wakumudzi," ndinamukalipira. "Chiphe ichi sichioneka lero. Sichinunkha, sichiwawa, ungachiwiritse tsiku lonse sichichoka. Chimakhala m'mafupa mwakachetechete, n'kudzadzuka munthu ataiwala."

Mng'ono wangayo sanapite kusukulu ngakhale tsiku limodzi. Anali mlendo m'dziko, mlendo m'nyumba, chitenje chimene anavala chinali changa. "Inu ndinu wasukulu, mana," anatero. Anandisiyira kathumbako.

Musaganize kuti sindinayese kufunsa. Lachiwiri linalo ndinatsalira mpaka mzere utatha, n'kulowa kwa adokotala a pachipatala chathu chaching'onocho, bambo wa imvi amene ankagwira ntchito ya anthu asanu. Nditangotchula za mkaka ndi moto wa kutali uja, anadzuka n'kutseka chitseko. "Aphunzitsi, mwazimva kuti zimenezi?" Tonse tinkadziwa kuti munthu wonena kuti chakudya chimene boma lalola kulowa chili ndi chiphe sagona pakhomo pake masiku ambiri. Achinyamata a chipani ankakhala pamthunzi panja pomwepo, akuona makadi a anthu olowa mumsika. Adokotalawo anatsitsa mawu. "Ine ndilibe makina oyezera zimenezo. Sindingakuuzeni kuti muli, sindingakuuzeni kuti mulibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana wa miyezi inayi wopanda mkaka sapirira. Mupatseni mwanayo mkaka, mayi. Ndipo nkhaniyi ithere muno."

Ndinatuluka nditakwiya. Ndinati m'mtima, uyu ndi wamantha, akuteteza ntchito yake. Mawu akuti sindingakuuzeni kuti mulibe ndi amene ndinanyamula, enawo ndinawasiya pampando pomwepo.

Tsopano vuto linali kotaya. Kusiya kukalandira sitikanatha, akanatifunsa chifukwa. Ndiye Lachiwiri lililonse mng'ono wanga ankaima pamzere padzuwa, n'kubwera ndi kathumba, n'kundipatsa. Kupatsa nkhuku sindikanatha, mazira ake tikanadya ndife. Kukhuthulira mumtsinje ayi, nsomba zake n'zathu zomwe. Kudimba ayi. Kupatsa mnansi, aa, ndikanakhala munthu wanji? Ndinatenga mtsuko wakale, ndinaikamo kathumbako, pakamwa ndinavundikira phale n'kumata ndi dothi, ndinakumba dzenje lofika m'chiuno kuseri kwa khola la mbuzi. Sabata iliyonse ndinkafukula, kuwonjezamo, kumatanso, kukwirira. Ndinkasamba m'manja ndi sopo kawiri. Ndinkadziona ngati munthu wosamala kwambiri m'boma lonse.

Mwanayo sindinamusiye dala ndi njala, Mulungu ndi mboni. Ndinkasefa phala la mapira pansalu mpaka likhale madzi okhaokha, n'kuthiramo kashuga. Ndinasinja mtedza n'kuusefanso. Ndinafunafuna mayi woyamwitsa, koma amene analipo nawonso anali owonda, ndipo amuna awo sanafune kuti bere la mwana wawo ligawidwe ndi mwana wochokera kunkhondo. Ng'ombe m'chigwa muno n'zambiri, koma ndi zanyama ndi zangolo, ndipo chilimwe chimenecho zinali mafupa okhaokha. Amuna anga anapalasa njinga mpaka ku Ngabu kwa munthu wina amene ankakama, anabwera ndi botolo limodzi. Ndi dzuwa la kuno, pofika nalo unali utasasa kale. Anapitanso kachiwiri, zinachitikanso chimodzimodzi.

Pa khadi la sikelo pamakhala mzere umene umayenera kukwera mwezi ndi mwezi. Wa mwana wathu unayamba wagona, kenako unaloza pansi. Mayi wothandiza uja anafunsa ngati tikusungunula bwino mkaka, ndipo ndinayankha ndine, m'Chingerezi, kuti tikutero. Anandikhulupirira, poti ndinali aphunzitsi. Mng'ono wanga anangoyang'ana zala zake zakumapazi.

Anansi nawo anayamba zawo. Mwana akamawonda, tsitsi n'kumafiira, mapazi n'kumatupa, kwathu kuno amati ndi tsempho, kuti wina m'nyumbamo sanadzisunge. Amayi ena anayamba kuyang'ana amuna anga ndi diso lina, poti m'nyumba munali mkazi wachitsikana wopanda mwamuna. Mmodzi anabwera ndi mizu kuti timusambitse mwanayo. Ndinamuthamangitsa ndi mawu amene sindingawalembe pano. Ndinawatcha mbuli onsewo, pamaso pawo. Ana awo, amene ankamwa mkaka womwewo wa m'thumba lomwelo, anali akukwawa pabwalo matako ali dededede, ine n'kumawamvera chisoni m'mtima kuti amayi awo sakudziwa chimene akuwamwetsa.

Amuna anga anapirira masabata angapo, kenako tsiku lina masana anazimitsa wailesi n'kundiitana. "Amayi, ine ndinangonena zimene ndinamva. Sanatchule dziko lathu. Sananene kuti mkaka wonse. Mwina uwu unachokera kwina." Ndinawafunsa ngati angalumbire kuti ulibe kanthu. Anati sangalumbire. "Ndiye mwandiitanira chiyani? Munayambitsa ndinu nkhaniyi ndi kawailesi kanuko, lero mukufuna mwana wa eni adzafere m'manja mwanga ndi chiphe cha azungu?" Anatenga chipewa n'kupita. Ndimawakwiyirabe pang'ono ngakhale anagona kale, chifukwa tsiku limenelo akanandimenyera tebulo mwina ndikanamva. Koma ndikudziwa kuti kumeneko n'kufuna pothawira.

Chimene chimandiwawa koposa ndi cha Lachiwiri lina. Ndinaweruka msanga kusukulu mutu ukundipweteka, ndipo ndinamupeza mng'ono wanga m'khitchini atagwada, mwana ali pamwendo, kapu ili pambali. Anali atatapa kamkaka m'kathumba asanandipatse, n'kukamanga pakona ya chitenje. Mwanayo ankameza mwaphuma, timanja tikugwira supuni. Ndinaikankha kapuyo ndi phazi. Mkaka unayenderera pansi n'kulowa m'dothi. Ndinamufunsa ngati anawoloka madambo onse aja kuti adzaphe mwana wake yekha m'nyumba mwanga. Anatola kapu, anaitsuka, anaibwezera pamalo pake. Kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa kathumba kali komanga mmene anakalandirira.

Pano ndine nkhalamba, ndipo nkhani za nyukiliya zimakambidwa poyera, pa wailesi ya m'minibasi momwe. Mdzukulu wanga wina amene anaphunzira zamagetsi amandiuza kuti malo amenewa masiku ano amawamanga ndi makoma pamwamba pa makoma, kuti ngozi zake n'zosowa, kuti utsi wamakala umene timapuma tsiku ndi tsiku nawonso umapha mwakachetechete. Mwina akunena zoona, sindikutsutsa. Ndinamufunsapo kamodzi, ngati nkhani wamba, ngati mkaka woipa uja unafikadi kuno. Anati sakudziwa, ndipo sakuganiza kuti alipo angandiuze motsimikiza. Ndiye mpaka lero sindidziwa chimene chinali mumtsuko muja. Mwina munali chiphe. Mwina munali mkaka chabe.

Mwanayo anasiya kulira ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Poyamba ndinayesa kuti phala layamba kumugwira. Linali Loweruka m'mawa, ndikuchapa, pamene ndinazindikira kuti kuyambira dzulo lake sindinamve mawu ake. Ndinalowa m'nyumba manja ali thovu. Anali maso, akuyang'ana denga, pakamwa pali pululu, liwombo litalowa. Ndinamugwira tsaya, sanatembenuke. Pamenepo nzeru zanga zonse zinandithawa. Ndinathamangira kuseri kwa khola, khasu sindinalione, ndinafukula ndi chikuni ndi zikhadabo. Ndinaswa mtsukowo. Matumba apansi anali ataumbika ndi chinyezi, lapamwamba linali labwinobwino. Ndinawiritsa madzi, ndinasungunula mkakawo. Ndinalawa ndekha, kenako ndinapereka kwa amake.

Iye analandira osandifunsa kanthu. Anadontheza pamilomo ya mwana. Mkaka unadzadza m'kamwa n'kutsikira m'khosi kunja, mwana analibenso mphamvu yomeza. Anayesa kachiwiri ndi chala. Amuna anga anawakweza panjinga mayi ndi mwana, ine ndikuthamanga pambuyo opanda nsapato. Adokotala aja anamulandira, anamuyang'ana, anandiyang'ana ine. Sananene kanthu, ndipo zikanakhala bwino akanandilalatira. Anayesetsa ndi kachubu kapamphuno mpaka dzuwa litapendeka. Mwanayo anatisiya cha m'ma fili koloko, amake atamugwira phazi.

Tinamuika tsiku lotsatira. Amayi amene ndinawatcha mbuli aja ndi amene anamusambitsa, anatunga madzi, anagona nafe pamaliro. Ankanong'onezana za tsempho, ndipo ndinawasiya anong'one, ngakhale ndinkaona kuti dzina la amuna anga likudetsedwa pa mlandu umene unali wanga. Kunena zoona kukanatanthauza kutchula mkaka, wailesi, ndi bodza limene ndinanena kusikelo. Ndinaopa. Ine amene ndinkati adokotala ndi amantha, ndinakhala chete ngati mwala.

Mng'ono wanga anakhalabe nafe. Ankaphika, ankasesa, ankathokoza m'Chisena kuti takhuta ndikamupatsa kanthu, monga kale. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo ine ndinkayenda m'nyumba mwanga momwe ndikuwadikira. Patapita mwezi ndi theka tinali awiri pakhonde masana, tikusankha thonje la m'munda mwathu, loyera uku, lodetsedwa uko. Manja ake sanaime pamene ankafunsa.

"Mana, chiphe chija munkanena chija. Chikanamupha liti?"

Ndinati sindikudziwa bwinobwino.

"Koma alamu anamva pa wailesi. Anati chimadzuka pakapita nthawi yaitali bwanji?"

Ndinamuuza mmene anandiuzira amuna anga, kuti si onse amene amadwala, ndipo amene amadwalawo mwina pamapita zaka khumi, mwina makumi awiri.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu pamsika. Anachotsa kachitsotso pa thonje limene linali m'manja mwake n'kuliponya pa mulu woyera.

"Zaka khumi," anatero. "Mukanandiuza zimenezo, mana. Ine zaka khumizo ndikanazilandira."